Gitala m'wodi ya ana: zomwe wophunzira ntchito yothandiza odwala ndi nyimbo amaphunzira pambali pa bedi

Anthu ambiri akamva za nyimbo m'chipatala amaganiza za Lamulungu masana. Amayi a Mvano, a Dorika kapena achinyamata a kwaya alowa m'wodi, aimba nyimbo ziwiri zitatu, apemphera, agawa sopo ndi shuga, kenako atuluka. Zimenezi n'zabwino ndipo magadiyani amaziyembekezera. Koma pali ntchito ina yomwe imafanana nazo pongoona, pamene mkati mwake n'zosiyana kwambiri. Kunja amaitcha music therapy. Munthu woiphunzira amapita kwa mwana mmodzi kapena awiri atagwirizana kale ndi anamwino kapena adokotala chomwe akufuna chisinthe pa mwanayo: kaya agone, kaya asalimbane ndi jakisoni, kaya ayambe kutambasula dzanja lomwe linapsa. Akamaliza amalemba m'faelo zomwe waona. Kwaya ikaimba bwino ntchito yake yatha. Wothandiza odwala ndi nyimboyu angathe kuimba bwino kwambiri koma n'kukhala atalephera.

Ntchitoyi inakhazikika ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, pamene oimba ankapita m'zipatala za asilikali ovulala ndipo madokotala anaona kuti pakufunika maphunziro, osati luso lokha. Sukulu ya ukachenjede ya Michigan State inatsegula maphunziro oyamba mu 1944, bungwe la akatswiri ake linabadwa mu 1950, ndipo bungwe la dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1985 ku Genoa, m'dziko la Italy. Ku America wophunzira sapatsidwa chilolezo asanakwanitse maola 1,200 ogwira ntchito ndi odwala enieni, ndipo maola osachepera 900 mwa amenewa amawathera pamalo amodzi, kawirikawiri kwa miyezi 6, akuyang'aniridwa ndi katswiri. Kufupi nafe, University of Pretoria ku South Africa inayamba maphunziro a digiri yachiwiri pa ntchitoyi mu 1999, ndipo omaliza amalembetsa ku bungwe lomwelo lomwe limalembetsa ena ogwira ntchito zaumoyo.

Chomwe chimandichititsa chidwi ndi maola 900 aja. N'chifukwa chiyani munthu wodziwa kale gitala, wowerenga kale mabuku, ayenera kukhala theka la chaka pambali pa bedi? Zomba ndi malo abwino oganizira funso limeneli. Ku Chirunga, ku University of Malawi, amaphunzitsa nyimbo. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi yake mumzinda momwemu. Chipatala chachikulu cha Zomba chimalandira ana ochokera ku Domasi, Jali, Thondwe, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ngakhalenso m'maboma oyandikana. Tiyerekeze kuti mnyamata kapena mtsikana wamaliza maphunziro ake, wanyamula gitala, walowa m'wodi ya ana yonga zomwe tonse timazidziwa. Aphunzira chiyani?

Choyamba amaphunzira kusiya gitala m'chikwama. Masabata oyamba ndi oyang'ana basi. Wodi ili ndi nthawi zake: nthawi yokolopa, nthawi yomwe adokotala amayendera odwala, nthawi ya mankhwala, nthawi yomwe magadiyani amapita kukaphika. Woimba akafika adokotala akumvetsera pachifuwa pa mwana, wasokoneza ntchito. Akafika mwana atangogona pambuyo polira usiku wonse, amayi ake sadzamukhululukira. Amaphunzira kuwerenga faelo, kudziwa dilipi ili dzanja liti, kusamba m'manja pochoka pa bedi lina kupita pa lina, ndi kufunsa a Sisita tsiku lililonse kuti ndi ana ati omwe sayenera kuyandikiridwa.

Nkhani ya ukhondo imasankha zida zoimbira mopanda chisoni. Ng'oma yachikopa simungaipukute ndi sipiriti kapena klorini osaiwononga. Visekese, zomwe amazipanga ndi mapesi a udzu, zimasunga fumbi ndi malovu m'ming'alu. Wenzulo ndi chilichonse choika pakamwa sichingadutse kwa ana awiri m'wodi momwe muli chifuwa. Choncho zida zokongola zakwathu zambiri zimatsala m'manja mwa woimba yekha kapena panja, ndipo chomwe chimafika m'dzanja la mwana ndi kabotolo kapulasitiki kokhala ndi mpunga pang'ono, kotsekedwa ndi guluu kuti chitsekerero chisatseguke n'kumutsamwitsa. Sikooneka bwino ayi, koma kamapukutika.

Phunziro lalikulu kwambiri, lomwe limatenga miyezi, ndi kuwerenga thupi la mwana n'kulowa pa liwiro lake. Wophunzira watsopano akaona mwana akulira amaganiza kuti mankhwala ake ndi nyimbo yofatsa. Amaiyamba pang'onopang'ono, mawu ofewa, ndipo mwana samva n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta: thupi la mwanayo likuthamanga, nyimbo ikuyenda pansi, awiriwa sakumana. Dokotala wina wa matenda a maganizo ku America, Ira Altshuler, anafotokoza m'zaka za m'ma 1940 kuti nyimbo iyenera kuyamba yafanana ndi momwe wodwala alili, kenako n'kumutsogolera pang'onopang'ono komwe mukufuna. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, wachiwiri salowa ndi liwiro lake. Amayamba wamvera munsi wa mnzake, alowa pa mpata, ndipo akagwirizana m'pamene mmodzi angachepetse winayo n'kutsatira.

Pa bedi zimaoneka motere. Mwana wa zaka zitatu ali ndi chibayo, timachubu ta mpweya tili m'mphuno, akulira modukizadukiza ndipo akufuna kutizula. Woimba amakhala pansi kapena pa kampando kuti maso ake asakhale pamwamba pa mwana. Sayamba ndi nyimbo. Amayang'ana pamimba ndi pa nthiti, kuwerenga kupuma. A zaumoyo amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akupuma mothamanga ngati afika ka 40 pa mphindi, wa miyezi 2 mpaka 11 ngati afika ka 50, ndipo wophunzira ayenera kuzidziwa nambala zimenezi pamtima. Ndiye amakhudza nsambo imodzi pa kupuma kulikonse, kapena pa kupuma kwachiwiri kulikonse, mofulumira monga momwe mwana akupumira. Mawu ake amawaika pafupi ndi pomwe kulira kwa mwana kukugwera. Pakapita kanthawi mwana amadabwa kuti pali china chikuyenda naye limodzi, amatembenuza maso. Apo m'pomwe woimba amayamba kutalikitsa mpata pang'ono kwambiri, moti munthu wongodutsa sangazindikire. Mwana akatsatira, amachepetsanso. Akapanda kutsatira, amabwerera pomwe anali. Chibayo sichinachoke, mankhwala okha ndi omwe achichotse. Chomwe chachoka ndi kupuma koonjezera komwe kunabwera ndi mantha, ndipo timachubu tatsala m'mphuno. Ngati kupuma kukukwerabe, nthiti zikulowa mkati kapena milomo ikusintha mtundu, woimba amasiya pomwepo n'kuitana anamwino. Kudziwa kusiyanitsa kulira kwa mantha ndi kubanika kwenikweni ndi chimodzi mwa zifukwa za maola 900 aja.

Pa nkhani ya ululu pamafunika kunena mosamala. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa ululu sufika ku ubongo wonse monga wachokera pa bala. Panjira, m'mitsempha ya mumsana, ungachepetsedwe kapena kukulitsidwa ndi zina zomwe thupi likumva komanso ndi zomwe maganizo atanganidwa nazo. N'chifukwa chake mayi amasisita pomwe mwana wagunda. Nyimbo imagwira ntchito pa njira yomweyo: imatenga chidwi, imachepetsa mantha, ndipo mwana wosaopa kwambiri saumitsa thupi, zomwe zimathandiza namwino kupeza mtsempha msanga. Koma siilowa m'malo mwa mankhwala oletsa ululu. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira kuno kunsi kwa phiri, ana ambiri amapsa ndi moto wowotha kapena phala lotentha, ndipo kutsuka bala lamoto kumapweteka zedi. Woimba amene angalole kuti gitala ikhale chifukwa chosapereka mankhwala wamulakwira mwanayo.

Pali misampha iwiri yomwe wophunzira amaizindikira msanga. Woyamba ndi kufika pa nthawi ya jakisoni yokha. Mwana si wopusa: akaona kawiri kuti gitala ikabwera singano ili pambuyo, adzayamba kulira akangoona chikwama chake. Choncho woimba amayamba wacheza naye nthawi yomwe palibe chowawa, ndipo pa tsiku lobaya amayamba mphindi zingapo namwino asanafike n'kupitiriza atachoka. Msampha wachiwiri ndi bodza lathu lija lakuti "sizipweteka". Zikapweteka, mwana sakhulupiriranso aliyense wovala zaukhondo. Ndi bwino kumuuza kuti, "Ikuluma pang'ono, iwe ugwedeze botolo lako mwamphamvu mpaka ithe."

Botolo lija lili ndi ntchito ina yomwe sindikuganiza kuti anthu amaiona msanga. Mwana wogonekedwa m'chipatala alibe chonena pa chilichonse. Amamugwira, amamutembenuza, amamubaya, amamumwetsa, ndipo akakana amagwiridwa mwamphamvu. Woimba amamupatsa kanthu kamodzi komwe iye ndiye bwana: akagwedeza botolo gitala imalira, akasiya gitala imasiya. Mwana amayesa kawiri katatu kuti aone ngati n'zoona. Amasiya mwadzidzidzi kuti akupusitse, ndipo iwe uyenera kupusitsika ndithu. Njira yotsatira mwana motere anaikulitsa kwambiri ndi Paul Nordoff, wopeka nyimbo wa ku America, ndi Clive Robbins, mphunzitsi wa ana olumala wa ku Britain, omwe anayamba kugwira ntchito limodzi mu 1959. Kwa munthu wozolowera kutsogolera kwaya, kulamulidwa ndi mwana wa zaka zinayi n'kovuta kuposa nyimbo iliyonse yomwe anaphunzira.

Masewera omwewo amathandiza a zolimbitsa mafupa ndi minofu. Mwana wopsa pa chigongono safuna kutambasula dzanja chifukwa limakoka. Ukamuuza kuti atambasule amakana. Ukaika kang'oma kapulasitiki patali pang'ono ndi pomwe anafika dzulo, amatambasula yekha kuti akamenye.

Kwa ana obadwa masiku asanakwane malamulo amasinthiratu. Lipoti la dziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa vutoli, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Njira ya kangaroo, yomwe mayi amamangirira khanda pachifuwa khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno ku Malawi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Khanda lotere ubongo wake sunakhwime, phokoso limalitopetsa ndi kulidyera mphamvu zomwe likanakulira. Madokotala a ana ku America amalangiza kuti phokoso m'chipinda cha makanda lisapitirire madesibelo 45, zomwe n'zotsika kuposa anthu awiri akucheza bwinobwino. Choncho gitala nthawi zambiri imatsala pakhomo. Chotsala ndi mawu a munthu, ong'ung'udza chapansipansi, nyimbo yaifupi yobwerezabwereza, yopanda kukwera mwadzidzidzi. Wophunzira amayang'ana zizindikiro zakuti khanda lakhuta: kutambasula zala, kuyasamula, kukwinya nkhope, kutembenukira kumbali, kusintha mtundu. Chikaoneka chimodzi amachepetsa kapena kusiya.

Mu 2013 Joanne Loewy ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa makanda 272 m'zipatala 11 za ku America, ndipo anapeza kuti nyimbo zoimbidwa pomwepo motsatira kupuma kwa khanda zinathandiza pa kugunda kwa mtima, kuyamwa ndi kugona. Chomwe chikutikhudza kwambiri n'chakuti analimbikitsa nyimbo zosankhidwa ndi makolo eni ake. Tisabise mbali inayo: kafukufuku wina wochitika m'maiko 5, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, sanapeze kusiyana koonekeratu pa ubale wa mayi ndi khanda pakati pa olandira thandizoli ndi osalandira. Umboni ulipo, koma si wa zozizwitsa, ndipo wophunzira wabwino salonjeza zomwe kafukufuku sanalonjeze.

Apa m'pomwe wodi yakwathu ili ndi mwayi womwe mabuku akunja saufotokoza mokwanira. M'zipatala zambiri za kumeneko mwana amakhala maola ambiri wopanda kholo. Kuno gadiyani sachoka: amayi, agogo kapena azakhali ali pomwepo usana ndi usiku, kugona pansi pambali pa bedi. Woimba amakhalapo mphindi 20, iwo amakhalapo maola 24. Ndiye ntchito yanzeru si yakuti mwana azolowere mawu a mlendo, koma yakuti amayi ake ayambenso kumuimbira. Ndati ayambenso chifukwa ambiri amasiya akalowa m'chipatala. Nkhawa imatseka pakhosi, komanso pali manyazi: wodi ndi ya anthu ambiri, ndipo kuimba mwana ali pa dilipi kumaoneka ngati kusasamala. Ukawauza mwachindunji kuti, "Amayi, muimbireni mwana," amaseka n'kunena kuti, "Ine sinditha kuimba, achimwene, imbani inuyo." Wophunzira amazindikira kuti funso loyenera ndi lina: "Kunyumba akavuta usiku mumatani naye?" Apo amayi amayamba kufotokoza, mwina n'kung'ung'udza pang'ono posonyeza. Woimba amagwira kanyimboko, amakaimba chapansi, ndipo amayi akalowa iye amachepetsa mawu ake mpaka atsala okha. Pa mayi wa kangaroo zimenezi zimaposa chida chilichonse, chifukwa khanda limamva mawuwo kudzera m'chifuwa momwe lagonamo, ndipo ndi mawu omwe linkawamva lili m'mimba.

M'chipinda cha ana onyentchera ntchito imakhala yodzutsa, osati yotonthoza. Mwana wotupikana chifukwa chosowa zakudya nthawi zambiri salira n'komwe. Amangokhala duu, maso ali gwa, osafuna chilichonse. Malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse amati kuwonjezera pa mkaka wa F-75 ndi F-100 ndi chiponde, mwana wotere akayamba kupeza bwino azipatsidwa mphindi 15 mpaka 30 tsiku lililonse zosewera naye mwadongosolo, chifukwa ubongo nawo unafooka. Anamwino otanganidwa ndi ana ambiri sapeza nthawi imeneyi. Woimba angaipeze: kutchula dzina la mwana m'nyimbo, kudikira, kutchulanso, kuwomba timanja take pamodzi ndi amayi ake. Ogwira ntchito m'zipinda zotere amadziwa kuti mwana wotupikana akamwetulira koyamba ndiye kuti wayamba kubwerera.

Kusankha nyimbo ku Zomba kumafuna mutu. Bedi ili kuli banja la Chikhristu, linalo la Chisilamu, ndipo ena chilankhulo cha pamtima ndi Chiyao kapena Chilomwe. Wophunzira wokulira m'kwaya amangotulukira nyimbo ya tchalitchi osaganiza. Ngakhale kwa Akhristu anzake pali ngozi: nyimbo zambiri zofatsa zomwe timazidziwa ndi zomwezo timaimba pa maliro, ndipo mayi yemwe mwana wake ali pa mpweya akaimva mtima umagwa. Palinso mabanja omwe akamva ng'oma pafupi ndi wodwala amaganiza za mizimu. Si zachilendo: kumpoto vimbuza ndi gule wochiza, ndipo UNESCO, bungwe la dziko lonse loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe. Ena amalemekeza zimenezi, ena chikhulupiriro chawo chimawaletsa kuziyandikira. Woimba safunika kutsutsa kapena kuvomereza. Amafotokoza kuti iye ndi wa chipatala, amafunsa chomwe banja limaimba, ndipo akakana amathokoza n'kupita.

Komanso wodi yathu ilibe zipinda za munthu mmodzi. Nyimbo yoimbira bedi 4 imamveka mpaka bedi 20. Mwana wodwala kafumbata amasungidwa pamalo achete chifukwa phokoso lingamuyambitse kuuma thupi. Wodwala matenda oumitsa khosi mutu umamupweteka ndi kaphokoso kalikonse. Mwana wa malungo aakulu amene wangokomoka kumene si woyesererapo zida. Ndipo pali masiku omwe mwana wamwalira pa bedi lapafupi, amayi ake akulira potuluka, magadiyani onse akuwaperekeza monga mwa mwambo wathu. Tsiku limenelo gitala siituluka, ngakhale mwana wako wa pa bedi 4 akuiyembekezera.

Zolemba ndi gawo lomwe oimba ambiri salikonda. Wophunzira amalemba kuti "mwana anasangalala", womuyang'anira amabweza pepalalo. Wasangalala bwanji, waona chiyani? Chofunika ndi chonga ichi: asanayambe ankapuma ka 48 pa mphindi ndipo ankalira, patapita mphindi 10 ankapuma ka 40, anagwira botolo ndi dzanja lamanzere katatu, anayang'ana amayi ake, anagona. Zolemba zotere adokotala angazigwiritse ntchito, ndipo zimamuteteza woimba ku kudzinamiza, chifukwa masiku ena pepala limaonetsa kuti palibe chomwe chasintha. Sabata iliyonse amakhala pansi ndi womuyang'anira, ngakhale zitakhala za pa foni kapena pa intaneti, kukambirana mwana mmodzimmodzi. Mafunso ake amakhala owawa pang'ono. Unapitiriza kuimba chifukwa mwana ankafuna, kapena chifukwa chete ankakuopsa iweyo? Magadiyani ataombera m'manja, unali kuyang'ana ndani? Nkhani ya foni nayo imabwera pomwepa: chithunzi cha mwana wodwala atagwira gitala chimakopa anthu pa Facebook, koma mwanayo ndi wodwala wa chipatala, chinsinsi chake n'chimodzimodzi ndi cha wina aliyense, ndipo mayi wosauka amene wavomera chifukwa choopa kukana sanavomere kwenikweni.

Kumeneko n'komwenso wophunzira amatula za ana omwe anawapeza bedi lili loyalidwa kale. M'wodi ya ana sutsimikiza za mawa. Wina amatulutsidwa m'mawa iwe usanafike, wina amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wina amamwalira usiku. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuti ulendo uliwonse ukhale wathunthu pawokha: kanyimbo kolonjera kotchula dzina la mwana, ntchito ya tsikulo, kanyimbo kotsanzika komwe mwana amakazindikira, ndipo osalonjeza kuti "ndibwera mawa" ngati sakutsimikiza.

Anamwino poyamba amamuona ngati mlendo wina wodzasangalatsa ana, ndipo sungawadzudzule, chifukwa ali ndi mizere ya odwala ndipo aona alendo ambiri. Maganizo awo sasintha ndi mapepala a kafukufuku. Amasintha tsiku lomwe kanyula (kachubu kolowetsa mumtsempha) yalowa kamodzi kokha pa mwana yemwe dzulo anafuna anthu atatu omugwira. Kuyambira pamenepo dzina la woimba limayamba kutchulidwa popatsirana ntchito m'mawa, ndipo amapeza a Sisita atamusankhira kale ana: uyu wa moto atsukidwa 10 koloko, mufike isanakwane, uyo wa pakona sakudya, kaonaneni ndi agogo ake, wa kuchipinda chakumapeto musamuyandikire lero.